Sole ndi Zitenje za Amayi

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene ndinaphulitsa diso la mnzanga ndi botolo, kenako n'kumuuza kuti sole. Ndayambira pamenepa dala, kuti amene akufuna kundida ayambiretu, asataye nthawi yake.

Mawu amenewa ndi a Chingerezi. Eni ake amalemba kuti sorry, koma ife a mu Lusaka tinawasula kalekale mpaka anakhala sole, ndipo timawagwiritsa ntchito kuposa eni akewo. Kondakitala akakuponda m'basi amati sole, phazi lake lidakali pamwamba pa lako. Munthu akapunthwa kutsidya kwa msewu, iwe amene sunamukhudze n'komwe umafuula kuti sole, sole! Mwana akatsamwa ndi phala, sole. Pa maliro, sole. Wa m'sitolo akafuna kukuuza kuti shuga watha amayamba ndi sole, ndipo amene akufuna umupatse njira m'chipiringu cha ku Kamwala amati sole kenako n'kukukankha ndi chigongono. Ndi mawu opepuka, okwana m'kamwa mulimonse, ndipo sachedwetsa munthu pa ulendo wake. M'nyumba mwathu ku Kabwata, mawuwa ankamveka kawirikawiri Lolemba.

Tinkakhala m'nyumba zogundizana, mabanja awiri khoma limodzi. Makolo anga anachokera ku Katete ine ndisanabadwe. Atate ankayeza ndi kudula nsalu m'sitolo ina yaikulu ku Kamwala, ndipo amayi ankakazinga zitumbuwa pakhomo n'kumakagulitsa pa geti la sukulu. Kuseri kwa khoma kunali banja la Chibemba lochokera ku Kasama. Kumeneko kunali Mwansa, mtsikana wa kalasi yanga, ndi amayi ake amene tonse tinkawaitana kuti bana Mwansa monga amachitira kwawo. Iwonso ankaitana amayi anga kuti bana Mailesi. Mailesi ndine.

Panja atate anali munthu waulemu kwambiri. Ankavala shati yoyera yositidwa bwino, ankapereka moni kwa aliyense, ndipo Lamlungu ankaimba besi mu kwaya. Mowa sankamwa, choncho sindingaunamizire mowa. Koma Loweruka sitolo inkatsekedwa masana, ndiye ankafika pakhomo dzuwa lili pamutu atasenza zonse zimene abwana awo anawalalatira mlungu wonse, n'kuyamba kuyendayenda m'nyumba kufunafuna cholakwika. Munthu akafuna cholakwika m'nyumba ya zipinda ziwiri sachedwa kuchipeza.

Loweruka limene ndikulikumbukira bwino magetsi anali atazima kuyambira m'mawa, ndiye amayi anasita shati ya kwaya ndi ayironi ya makala. Kamoto kanathethekera pa kolala n'kusiya kabowo kochepa ngati njere ya mapira. Atate anaikweza shatiyo pa windo, n'kuiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anaipachika bwinobwino pa mpando, anavula wotchi n'kuiika pa tebulo, anatseka chitseko. Anawagwira amayi tsitsi n'kuwagunditsa mutu pa felemu ya chitseko cha kuchipinda, kamodzi, kawiri, katatu. Phokoso lake linali ngati la munthu amene akusinja mumtondo wopanda kanthu. Amayi atagwa anawaponda m'nthiti ndi nsapato za kuntchito. Ine ndinali nditaima pakona ndi beseni la zovala m'manja, ndipo sindinaliike pansi mpaka zonse zitatha. Amayi ankaluma nsonga ya chitenje chawo kuti kulira kusatuluke, koma kunkatulukabe. Kuseri kwa khoma ndinamva bana Mwansa akukweza wailesi.

Zikatere, Lamlungu atate ankapita okha kutchalitchi n'kukanena kuti amayi mutu ukuwapweteka, zimene sizinali bodza. Lolemba poweruka ankabwera ndi kaphukusi ka pepala la khaki. Sankakhala pansi. Ankaima pakhomo la kukhitchini, maso ali kumbali, n'kupereka kaphukusiko ndi dzanja limodzi.

"Sole, amake Mailesi. Ni Satana chabe."

Amayi ankapukuta manja, n'kulandira ndi manja awiri, n'kunena kuti zikomo. Kenako ankawatenthetsera madzi osamba. M'kaphukusimo munkakhala chitenje chatsopano, cholimba, chonunkhira sitolo, kapepala ka fakitale kadakali pomwepo. Amayi ankachiika mu sutikesi ya buluu pamwamba pa wadirobu. Sanavalepo ngakhale chimodzi. Ankangovala zawo ziwiri zakale zofwifwa, zonunkha mafuta okazingira. Ine m'mutu mwanga ndinkati amazisunga chifukwa ndi zamtengo wapatali, ndipo ndinkawasirira. Sutikesiyo inadzaza mpaka inkachita kukhalidwa pamwamba kuti itsekeke.

Kusukulu nakonso sole inali ndi mphamvu zake. Aphunzitsi athu anali ndi ana ambiri m'kalasi ndipo analibe nthawi yoweruza milandu. Awiri mukamenyana ankakuimikani kutsogolo n'kunena kuti, "Kambani sole, gwilanani manja, vasila." Nkhani inkathera pomwepo. Amene apitirize kudandaula atagwira kale dzanja la mnzake ndiye ankakwapulidwa, ati ndi wosunga mangawa. Ine ndinali ndi dzanja lofulumira komanso mutu wogwira, ndiye lamulo limeneli ndinaliphunzira msanga kuposa masamu. Ndinkamenya, magazi akatuluka m'mphuno ndinkatambasula dzanja aphunzitsi asanafike n'komwe. Anzanga ankaligwira akulira. Ndinkachoka pamenepo mtima uli mbee, ngati munthu amene wangosamba kumene.

Lolemba lotsatira Loweruka la kolala lija tinali pa tchuthi. Atsikana a mumzere wathu tinkasewera gemu pa bwalo la fumbi kumaso kwa nyumba. Mu gemu, awiri amaima uku ndi uku ndi mpira wa mapepala a pulasitiki, wina ali pakati akuzinda mpirawo uku akudzaza mchenga m'botolo lagalasi. Akalidzaza mpira usanamukhudze, gulu lake lapambana. Tsiku limenelo pakati ndinali ine, ndipo mchenga unali utafika pakhosi pa botolo. Mwansa anaponya. Mpira unangokhudza mpendero wa diresi langa.

"Wafa!" anakuwa Mwansa.

"Bola siinanigunde," ndinatero.

"Yakugunda, tonse taona. Choka pakati."

Ndinamukankha pachifuwa. Masiku ena Mwansa akanangotembenuka n'kupita kwawo, chifukwa anali wochepa thupi ndipo ankandidziwa. Koma tsiku limenelo anagwira m'chiuno, n'kulankhula mokweza kuti onse amve.

"Iwe Mailesi, sitikuyopa. Ufuna kumenya bonse monga ba dadi bako. Timamvela pa chipupa ba mami bako bakalila monga mbuzi."

Atsikana ena anaseka. Wina analira ngati mbuzi, mee. Ine mpaka nthawi imeneyo ndinkaganiza kuti za m'nyumba mwathu ndi zathu zokha, kuti wailesi ija inkakwezedwa chifukwa bana Mwansa ankakonda nyimbo. Manyazi anandiotcha kumaso, ndipo botolo linali m'dzanja langa lamanja.

Sindinganame kuti linangopulumuka. Ndinalimva kulemera kwake, ndipo ndinasankha pomenya. Ndinamumenya nalo pamwamba pa diso lakumanzere ndi mphamvu zanga zonse. Botolo linasweka, mchenga unamwazika, ine ndinatsala ndi khosi lake m'manja. Mwansa sanakuwe nthawi yomweyo. Anakhala pansi pang'onopang'ono, manja onse ali kumaso, kenako magazi anayamba kutuluka pakati pa zala, kutsika m'mikono mpaka m'zigongono, kudontha pa fumbi. Atakuwa, agalu a mumzere wonse anayamba kuuwa. Atsikana aja anabalalika.

Ine ndinataya khosi la botolo, n'kupukuta dzanja pa diresi, n'kulitambasula.

"Sole, Mwansa. Sole. Gwila kwanja."

Sanaligwire. Ndinaima choncho dzanja lili m'malere mpaka amayi anatulukira kukhitchini akuthamanga, mlomo wawo udakali chitupire. Sanandiyang'ane. Anavula chitenje chawo chonunkha mafuta, n'kumukulunga nacho Mwansa kumutu, n'kumunyamula ngati khanda. Bana Mwansa anatuluka thovu la sopo lili m'manja. Kulira kumene analira sindikufuna kukufotokoza. Bambo wina wa takisi wa mumzere mwathu anawatenga onse atatu.

Amayi anabwerera okha cha m'ma folo koloko, bulauzi ili magazi okhaokha. Anati kukiliniki anawatumiza kuchipatala chachikulu, ndipo Mwansa agonekedwa. Galasi ndi mchenga zinali zitalowa m'diso. Madokotala anati tidikire masiku angapo, mwina diso lipulumuka, mwina ayi.

Lolemba limenelo linali la kaphukusi. Atate anafika nako, ananena sole yawo, amayi analandira. Kenako anamva za Mwansa. Anavula wotchi. Anazula chingwe cha ayironi yamagetsi, n'kuchipinda pawiri, n'kundigwetsa chafufumimba pa simenti. Ankamenya paliponse, kumsana, m'miyendo, m'khosi, ndipo chingwe chikatera ndinkamva ngati andithira mafuta a zitumbuwa. Za diso la Mwansa sanatchulepo. Ankangoti, "Wanichititsa nsoni! Bantu bazakamba chani ku chechi?" Amayi anadziponya pamwamba panga, chingwe n'kutera pa iwo. Atatopa anakhala pa mpando akupumira m'mwamba, n'kupempha madzi akumwa.

Masiku awiri ndinagona chafufumimba, osatha kuvala diresi. Kuwawa kwa mabala sikumene kunkandisowetsa mtendere. Chinkandivuta chinali dzanja lija limene Mwansa sanaligwire. Mlandu unali wosatsekedwa, ndipo m'maganizo anga achibwana ndinkaona ngati diso lake silingapole nkhaniyo isanathe. Ndinaganiza ndithu mpaka ndinapeza pamene ndinalakwitsa. Sole ya pakamwa ndi ya magazi a m'mphuno. Munthu ukamuvulaza kwambiri, sole imayenda ndi chitenje. Ndinali nditaziona ndi maso anga kuyambira ndili wamng'ono, ndipo nthawi zonse zinkagwira ntchito, chifukwa pambuyo pake madzi osamba ankatenthetsedwa.

Lachinayi masana ndinamva chitseko cha bana Mwansa chikutsekulidwa. Anabwera kudzatenga zovala ndi kuphika phala loti apite nalo kuchipatala. Amayi anali kuseri akuchapa. Ndinakwera pa mpando, ndinatsekula sutikesi, ndinatenga chapamwamba penipeni, cha Lolemba lomwelo, chobiriwira cha maluwa achikasu. Ndinachibweza m'pepala lake la khaki. Ndinazungulira khoma, ndinati odi.

Bana Mwansa anatuluka mthiko uli m'manja. Maso awo anali ofiira, ndipo ankaoneka kuti sanasambe kuyambira Lolemba. Ine sindinagwade. Ndinaima pakhomopo, maso kumbali, n'kupereka kaphukusi ndi dzanja limodzi.

"Sole, bana Mwansa. Ni Satana chabe."

Anang'amba pepalalo pang'ono, n'kuona nsalu. Anandiyang'ana, anayang'ananso nsalu. Mthiko unakwera m'mwamba ndipo ndinatsinzina, koma sunatere. Mwina anaona mikwingwirima ya chingwe m'khosi mwanga. Anandigwira pamkono mwamphamvu moti ndinamva fupa, n'kundikoka mpaka kuseri kumene amayi ankachapa.

"Bana Mailesi, imani muone. Mwana wanu abwela kugula linso ya mwana wanga na chitenge." Anachiponya m'madzi a sopo amene anali atatayikira pansi. "Ine nimaviziba ivi vitenge. Nimamvela pa chipupa mwamene vimabwelela."

Amayi anayang'ana chitenjecho chikunyowa. Anakhala pansi pa mwala wochapira. Amayi akakwiya kapena akamapemphera ankasiya chilankhulo cha m'tauni n'kubwerera ku cha kwawo, ndipo ndi chimene anandifunsira.

"Powapatsa wanena kuti chiyani?"

Ndinabwereza mawu onse, ndi Satana yemwe. Ndinkayembekeza kuti andiyamikira.

"Wakuphunzitsa ndani?"

"Nimaona adadi."

Amayi anatulutsa kaphokoso kamene sindinakamvepo ngakhale pa Loweruka loipitsitsa. Anandigwira kumaso ndi manja onyowa, zikhadabo n'kulowa m'masaya.

"Kuyambira lero, mawu amenewo ndisadzawamvenso pakamwa pako. Wamva?"

Kenako anagwada m'matope momwemo pamaso pa bana Mwansa. Anati, "Mwanayu ndamuphunzitsa ndine. Bambo ake ankapereka, ine ndinkalandira ndi manja awiri iye akuona." Bana Mwansa anatembenuka. Anabwerera ku phala lawo limene linali litayamba kununkha kupserera.

Amayi anasiya zochapa. Analowa m'nyumba, anatsitsa sutikesi n'kuikokera panja. Anachotsa zovala zonse pa chingwe choyanikira chimene tinkagwiritsa ntchito nyumba zinayi, n'kuyamba kuyanika zitenje zouma. Chingwe chitadzaza anayanika pa mpanda wa maluwa, pa waya wa nkhuku, mpaka pa geti. Pakhomo pathu panaoneka ngati sitolo ya ku Kamwala. Azimayi a mumzere anayamba kutuluka m'modzim'modzi, n'kuima chapatali manja ali pachifuwa.

Atate anatulukira cha m'ma faifi ndi kaphukusi kena m'khwapa. Kameneko kanali kanga, ka chingwe cha ayironi chija. Anaima pa geti.

"Nanga ivi ni vichani?"

Amayi anagwira chitenje choyamba pa chingwe, ndipo analankhula mokweza ngati akuwerenga mawu kutchalitchi. "Ichi ndi dzino lija. Ichi ndi khutu limene silimvanso. Ichi ndi nthiti. Ichi chofiirachi ndi mimba ija inachoka, imene munauza abusa kuti ndinaterereka kubafa."

"Ngena mu nyumba," anatero atate chapansipansi.

"Cha kolala ndi icho chili m'matopecho. Lero chasanduka diso la mwana wa eni ake. Mwana wanu wakapereka ndi mawu anu omwe."

Atate sanavule wotchi. Kwa nthawi yoyamba anawamenya panja, anthu akuona, chibakera cha pakamwa chimene chinawagwetsera pa mpanda. Anawakhalira pamimba n'kuwagwira pakhosi. Ndinaona miyendo ya amayi ikupalasa fumbi. Amene anayamba kufika anali bana Mwansa, ndipo mthiko uja unathyokera pamutu pa atate. Azimayi ena anabwera ndi matsache ndi zikuni, wina ndi ndowa. Anawakoka, anawagwetsa, shati yoyera inang'ambika mpaka kumchombo. Amuna awiri a nyumba yakumapeto ndi amene anawalanditsa n'kuwapanikiza pansi. Ali pansipo, magazi akutsika pachipumi, atate ankatembenuzira mutu uku ndi uku kwa anthu aja.

"Sole, ba neba. Sole, sole. Ni nkhani ya mu nyumba chabe."

Amayi anadzuka, analavula magazi, anamanga zovala zathu mu chitenje chawo chakale chimene chinatsala. Dzuwa lisanalowe tinali m'basi ya ku Chelstone, kwa mng'ono wawo. Zitenje zija tinazisiya pa chingwe, ndipo sindidziwa amene anazianula.

M'mawa mwake amayi ananditenga kupita kuchipatala chachikulu. Ankalankhula movutika chifukwa cha mlomo, koma m'basi anandiuza zoti ndikachite. "Ukagwade. Ukanene chimene unachita, chimene unamenyera, ndi pamene unamenya. Usakatchule Satana, sanagwire botolo. Ndipo usakapemphe kanthu."

Mu wodi munkanunkha mankhwala ndi malalanje. Mwansa anali pa bedi lakumapeto, theka la mutu lili m'bandeji, amayi ake atakhala pambali. Ndinagwada pa simenti yozizira. Pakamwa panga panadzaza mawu aja oletsedwa, ndipo nditawameza ndinapeza kuti ndilibe pobisala. Chinatsala chinali chimene ndinachita basi. Sindinanyamulepo katundu wolemera ngati mawu amene ndinalankhula pamenepo.

"Mwansa, ninakumenya na botolo pa diso. Nenze kuziba kuti ni yolema. Nenze kufuna umvele kubaba. Na bola inanigunda, unakamba zoona."

Anandiyang'ana ndi diso limodzi lija, louma, losaphethira.

"Balichosa mailo," anatero.

Diso anali atalichotsa dzulo lake, nthawi yomwe ine ndinali pa mpando kusankha chitenje cha maluwa achikasu. Ndinakhalabe chogwada kudikira kuti anene china, kuti basi, kapena kuti choka. Anatembenukira kukhoma. Ndinalira mpaka anesi anabwera kudzatiuza kuti tikusokoneza odwala, koma madzi akatayika saoleka.

Sukulu zitatsekulidwa, mayi anga aang'ono anati andipezere malo ku Chelstone komweko. Amayi anakana. Anali atamva kwa bana Mwansa kuti Mwansa akumagunda zitseko ndi anthu mbali yakumanzere, ndiponso kuti tsiku lina njinga inangotsala pang'ono kumuwomba pa msewu wopita kusukulu. Ndiye anandiuza kuti ndizikwera mabasi awiri m'mawa uliwonse, ndizitsika ku Kabwata, ndizimudikira Mwansa pa geti lawo, ndiziyenda kumanzere kwake popita ndi pobwera.

"Mpaka liti?" ndinafunsa.

"Mpaka diso lake litamera."

Mwansa sanandilankhule temu yonse. Tsiku loyamba anandilavulira pa yunifolomu. Tsiku lina anandibaya ndi kampasi ya masamu pa ntchafu tili pakati pa msewu, magazi n'kutsikira mu sokosi, ndipo chipsera ndili nacho mpaka lero. Sanati sole, ine sindinakanene kwa aphunzitsi. Anyamata akamuitana mayina a diso limodzi dzanja langa linkayabwa, koma ndinkalipinda m'khwapa chifukwa ndinali nditaona kumene limafikitsa. Temu yachiwiri anayamba kundiuza mawu amodziamodzi, monga fulumira kapena imilira. Tinayenda choncho mpaka tinamaliza giredi seveni, kenako tinapezeka kuti tasankhidwira sekondale imodzi, ndipo palibe amene ananena kuti tisiye.

Lero ndine mayi wa ana awiri. Amayi sanabwererenso kwa atate, ndipo anamwalira akuvala zitenje zogula okha. Atate akalamba, amakhala ku Chunga. Ndimawatumizira chakudya ndi mankhwala. Ndikapita kukawaona amati, "Vija vakudala, sole mwana wanga." Ndimawafunsa kuti ziti, ndipo amayang'ana kumbali. Mpaka pano sanatchulepo ngakhale chimodzi.

Mawuwo sindidana nawo. Amayi atamwalira ndinayambanso kunena mawuwo, ndipo ndikaponda munthu m'basi ndimati sole ngati wina aliyense. Ndi mawu abwino pa phazi lopondedwa ndi pa tiyi wotayika. Chimene ndinazindikira n'chakuti m'nyumba mwathu sole inkathandiza womenya, osati womenyedwa. Inkatseka pakamwa pa wovulala, n'kutsegulira njira Loweruka lotsatira. Ana anga akalakwirana sindiwagwiranitsa manja. Wolakwayo amanena chimene wachita, chonse, kenako timaona chimene angakonze, ndipo winayo ali ndi ufulu wokhala chikwiyire mpaka mtima wake utafuna.

Mwansa amagwira ntchito mu ofesi ina m'tauni. Anamuika diso lagalasi limene silitembenuka, ndipo akafuna kuona kumanzere amatembenuza mutu wonse. Sanandiuzepo kuti anandikhululukira, ine sindinamufunsepo, chifukwa amayi anati ndisapemphe kanthu. Mwezi watha tinakumana masana kuti tikadye limodzi. Tikuyandikira Cairo Road foni yanga inalira, ndiye ndinatsalira kumbuyo ndikuyankha. Nditakweza maso ndinamuona ataima m'mphepete mwa msewu, anthu akumudutsa mbali zonse, magalimoto ataima, iye osawoloka. Mzimayi wamkulu amene amawoloka msewu umenewo yekha tsiku lililonse. Sanacheuke n'komwe.

"Iwe Mailesi," anatero, "bwela ku saidi yako."

Ndinadula foni, ndinapita kumanzere kwake, tinawoloka.